Antivayirasi yabodza

Antivayirasi yabodza ndi pulogalamu yachinyengo imene imanamizira kuti yapeza mavayirasi mu kompyuta, n'cholinga choopseza mwini wake kuti alipire ndalama zochotsera vuto lomwe kulibe. Akatswiri a zachitetezo cha makompyuta amaitcha scareware. Inasautsa anthu kwambiri kuyambira 2008 mpaka 2011, makamaka ogwiritsa ntchito Windows. Kachitidwe kake n'kofanana ndi ka sing'anga wonyenga, amene amayamba wakuuza kuti walodzedwa kenako n'kukutchulira mtengo wa mankhwala.

Mmene imakolera anthu

Munthu ali pa intaneti, mwina wadina chithunzi chimene wapeza pa Google kapena uthenga wamalonda, amangoona patulukira tsamba lofanana ndendende ndi windo ya "My Computer". Kamzere kobiriwira kamayenda ngati kakufufuza mafayilo, kenako pamabwera mndandanda wofiira wa mavayirasi a mayina oopsa. Zonsezi ndi sewero lokonzeratu. Tsamba la pa intaneti lilibe mphamvu yofufuza m'kati mwa kompyuta ya munthu, ndipo aliyense amene walitsegula amaona "mavayirasi" omwewo. Ngakhale wa Mac kapena Linux ankaonetsedwa diski C ya Windows, yomwe pamakina ake palibe n'komwe.

Nthawi zambiri kudina "Cancel" sikupulumutsa, chifukwa batani lililonse limayambitsa kutsitsa pulogalamuyo. Ikakhazikika m'kompyuta ndiye mavuto enieni amayamba. Imazimitsa antivayirasi yeniyeni, imaletsa Task Manager kutseguka, ndipo pulogalamu iliyonse imene mwini wake wayesa kutsegula amauzidwa kuti yagwidwa ndi vayirasi. Ina inkaonetsa sikirini yabuluu yabodza, ina n'kubisa mafayilo kuti munthu aganize kuti afufutika. Chimene chimatseguka bwinobwino n'chimodzi basi: tsamba lolipirira. Wolipirayo amataya ndalama, n'kupatsanso akathyaliwo nambala ya khadi lake la ku banki.

Mayina ake ankasankhidwa mochenjera kuti azimveka ngati a Microsoft kapena a kampani yodalirika: WinFixer, ErrorSafe, Antivirus XP 2008, Spyware Protect 2009. Dzina likatchuka ndi mbiri yoipa, ankangosintha dzina ndi mtundu wa zithunzi, pulogalamu ili yomweyo.

Bizinesi yake

Chinyengochi chinkayendetsedwa ngati kampani yeniyeni, yokhala ndi maofesi, antchito olembedwa, ngakhale oyankha mafoni a makasitomala odandaula. Yodziwika kwambiri ndi Innovative Marketing, yomwe inalembetsedwa ku Belize koma ntchito zake zambiri zinkachitikira ku Kyiv m'dziko la Ukraine. Mu Disembala 2008 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linaisumira ponena kuti inanyenga anthu oposa 1 miliyoni, aliyense akulipira madola 39.95 kapena kuposerapo. Mu 2012 khoti linagamula kuti Kristy Ross, mmodzi mwa akuluakulu ake, alipire madola oposa 163 miliyoni.

Eni pulogalamu nthawi zambiri sankaifalitsa okha. Ankagwiritsa ntchito anthu ena omwe ankalandira gawo pa ndalama iliyonse yolowa, ndipo anthuwa ankayesa njira iliyonse. Ina inali kugula malo otsatsira malonda pa masamba olemekezeka. Mu Seputembala 2009 owerenga nyuzipepala ya The New York Times pa intaneti anaona chenjezo labodza, akathyali atagula malo podzinamizira kuti ndi kampani ya mafoni ya Vonage. Apa mpamene malangizo akale aja, oti bola kupewa masamba okayikitsa, anaoneka kuti n'ngoperewera. Mu 2010 ofufuza a Google, atayang'ana masamba 240 miliyoni kwa miyezi 13, anapeza kuti antivayirasi yabodza inali 15 peresenti ya mapulogalamu oipa onse amene anawapeza.

Chaka cha 2011 chinali chachipwirikiti. Mu Meyi kunabuka Mac Defender, imene inadzidzimutsa anthu a Apple omwe ankakhulupirira kuti makina awo sagwidwa, mpaka kampaniyo inatulutsa pulogalamu yoichotsa kumapeto kwa mweziwo. Mu Juni a FBI a ku America, mothandizana ndi apolisi a mayiko ena, anasokoneza gulu limene linabera anthu pafupifupi 960,000 ndalama zokwana madola 72 miliyoni. Mwezi womwewo ku Russia anamanga Pavel Vrublevsky, mkulu wa kampani yolandirira ndalama ya ChronoPay, pa mlandu wina wosakhudza nkhaniyi, ngakhale kuti kampani yakeyo inkatchulidwa kawirikawiri pa malipiro a mapulogalamuwa. Pamenepa mpamene panali kufooka kwa bizinesi yonseyi: popanda banki yovomera kulandira ndalama za m'makhadi, mantha a anthu sakanapindulira aliyense. Malonda a antivayirasi yabodza anatsika kwambiri kuchokera nthawi imeneyo.

Masiku ano

Chinyengochi chinangosintha nkhope. Mu 2014 pulogalamu ya Android yotchedwa Virus Shield, ya madola 3.99, inagulidwa ndi anthu oposa 10,000 pa Google Play, chonsecho ntchito yake inali kungosintha chizindikiro cha X kukhala chochonga. Pa mafoni pamabwerabe mauthenga akuti batire yawonongeka ndi mavayirasi. Pa kompyuta chofala tsopano ndi tsamba lodzaza sikirini yonse, lolira ngati alamu, lopereka nambala yoti munthu aimbire "a Microsoft". Kampaniyo imanena poyera kuti machenjezo ake enieni sakhala ndi nambala ya foni.

Chenjezo likatulukira pa Chrome, Edge kapena Firefox, chofunika n'kutseka pulogalamu yonseyo osadina chilichonse patsambalo, podutsira ku Task Manager ngati ikukana. Ngati pulogalamu yabodzayo yalowa kale, amisiri amayatsa kompyuta mu Safe Mode n'kuichotsa ndi antivayirasi yodziwika. Amene walipira kale adziwitse banki yake msanga kuti itseke khadilo.