Amayi a machona ku Harare

Mabuku a Mthandizi ankalemba amuna okhaokha, poti amuna ndiwo ankadinda chala pa kontirakiti. Komatu amayi nawonso ankapita ku Southern Rhodesia, ena kutsatira amuna awo kumigodi ya Wankie ndi Shamva kapena kuminda ya fodya, ena paokha.

Kwa mayi wachichewa kapena wachiyao, ulendowu unkatembenuza zonse. Kumudzi iye anali pakwawo, mwamuna ali mkamwini, ndipo zikavuta panali amalume ndi ankhoswe. M'komboni nyumba inali ya abwana a mwamuna wake. Mwamunayo akamwalira kapena kuchotsedwa ntchito, nyumba inkathera pomwepo.

Choncho amayi anadzipezera abale ena. Mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland inatumiza m'busa ku Salisbury mu 1912, ndipo mipingo imene inamera kumeneko inakhala sinodi ya CCAP payokha mu 1965. M'magulu a amayi a kutchalitchi ndi m'masosaiti a maliro, ankasonkha ndalama ya bokosi, kuphika pamaliro, kulangiza atsikana ndi kupezera mlendo pogona. Ine ndimaona kuti ntchito yosalembedwayi ndiyo inasunga Chichewa m'makomboni.

Mafamu a azungu atayamba kulandidwa mu 2000, komanso lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, zidzukulu zambiri za machona zinapezeka zilibe ntchito, dziko, ngakhale mudzi wothawirako. Malamulo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Koma ku ofesi ankafuna chiphaso chobadwira, chimene ana ambiri a m'mafamu sanalandirepo.