Munthu Amene Anabzala Madzi

Ku Zvishavane, m'dziko la Zimbabwe, mvula imagwa yocepa, ndipo ikagwa imangothamanga pamatanthwe nkupita. Kumeneko kunali bambo wina dzina lao a Zephaniah Phiri Maseko. M'caka ca 1964 anawacotsa nchito ya panjanji cifukwa ca ndale, ndipo anabwerera kumudzi cimanjamanja, ana oti adye ali pambuyo. Munda wao unali wa mahekitala 3 okha, kunsi kwa thanthwe lalikuru.

Mvula ikamagwa, iwo sanali kubisala m'nyumba ai. Anali kuyenda m'mvula momwemo, kupenyetsetsa kumene madzi alikupita. Tsono anamanga timipanda ta miyala pamalo otsetsereka kuti madzi afooke liwiro, nakumba maenje ndi ngalande kuti alowe m'nthaka. M'mundamo anabzala nthoci, mango, bango ndi ndiwo zamitundumitundu pamodzi. Cinthu codabwitsa, boma la atsamunda linawaimba mlandu wolima m'dambo, kufikira woweruza anadza kudzaona mundawo ndi maso ace, nathetsa mlanduwo.

Pa cilala coopsa ca 1992 zitsime zambiri zinaphwa, koma zao zinali ndi madzi. A Phiri anamwalira m'caka ca 2015.