Amai a ku Nyanja ya Chilwa ndi Zida Zao

Nkhani yathu ya mbiri lero ikutitengera ku gombe la Swang'oma m'boma la Phalombe, kumene Nyanja ya Chilwa imathera m'madambo a njedza. Ambiri a inu mwadyapo matemba a ku Chilwa, ena otendera, ena okazinga. Koma ndi owerengeka amene anadzifunsapo kuti nsombazo zinadutsa m'manja mwa yani, ndi kuti mwini manjawo analipira chiani kuti azipeze. Manja amenewo, nthawi zambiri, ndi a munthu wamkazi.

Nyanja imeneyi ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathira m'menemo, ndipo madziwo amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa, kusiya mchere m'mbuyo. David Livingstone ndi mnzake John Kirk atafika pa nyanjayi pa 18 Epulo 1859, anapeza madzi ake ali owawa ndithu. Alendowo anaona ngati chilema cha nyanjayo, pamene kwa amai a m'mbali mwake chinali chuma.

Masiku amenewo mchere sunali kugulidwa m'sitolo ai. Nyengo ya chilimwe, madzi akabwerera m'mbuyo, amai ankapala dothi la mchere, kuliika m'chiwiya chobooka pansi, kuthirapo madzi, ndi kuwiritsa madzi otcheza aja mu mphika mpaka patsale mchere wokhawokha. Ntchitoyi inkafuna luso: kudziwa dothi loyenera, kudziwa muyeso wa madzi, kudziwa moto. Mchere wa ku Chilwa unkapita kutali m'midzi ya kumtunda, kukasinthanitsidwa ndi chakudya, makasu ndi nsalu. Tsono taonani bwino apa. Mphika unali wa mai, nzeru zinali za mai, ndipo chotuluka mu mphikamo chinali chake. Pa mwambo wa chikamwini, umene Anyanja, Ayao ndi Alomwe a chigawo chimenechi amatsata, mwamuna ndiye ankabwera kudzakhala kwa mkazi; munda ndi nkhokwe zinali pa mudzi wa mkaziyo, pakati pa abale ake. Mwamuna wankhanza ankadziwa kuti tsiku lina adzapeza mphasa yake itaikidwa panja.

Sindikunena kuti kalelo kunali mtendere wokhawokha. M'zaka zomwezo magulu a akapolo ankadutsa pa mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi kupita ku nyanja ya mchere, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anali akazi ndi ana, amene ena a iwo ankasungidwa m'midzi ya owagwira kukhala akazi a chikakamizo. Boma la atsamunda linamanga linga la Fort Lister pa mpatapo m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira imeneyo. Malonda a anthu anatha. Koma m'zaka zotsatira mchere wa m'sitolo unafika, ndipo mphika wa mai uja unayamba kuzizira.

Chimene chinalowa m'malo mwa mchere ndi nsomba za malonda. Kale mwamuna ankatchera mono kapena kuponya mbedza kuti banja lipeze ndiwo. Misewu itatseguka, njinga ndi magalimoto zitayamba kufika ku gombe, ndipo maukonde a nailoni atafala m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, usodzi unasanduka ntchito ya ndalama. Pa zaka zabwino nyanja yosaya imeneyi, imene m'malo ambiri sipitirira mamita atatu, inkapatsa Malawi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a nsomba zake zonse: matemba, makumba ndi milamba. Bwato ndi khoka zinali za amuna. Asodzi anamanga zimbowera, tinyumba toyandama pa njedza, mmene amakhala masabata ambiri osaponda mtunda. Mkazi anatsala pa gombe, atanyamula dengu, kudikira kuti agule zimene wina wagwira. Amene kale anali mwini chopangidwa, tsopano anali wopempha kuti amugulitse.

Nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe lina limene akuluakulu amalidziwa bwino: imauma. Inauma m'chaka cha 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato. Pano ndilole ndipatuke pang'ono. Munthu amene anatsogolera kafukufuku woyamba wamkulu wa nyanjayi, kuyambira mu 1966 mpaka mu 1976, anali mai, Pulofesa Margaret Kalk wa ku Yunivesite ya Malawi, ndipo buku la zimene iye ndi anzake anapeza linatuluka mu 1979. Zambiri zimene akatswiri amadziwa lero za mmene nsomba zimathawira m'mitsinje ndi m'maiwe nyanja ikauma, ndi mmene zimabwererera, zinayambira pa ntchito imeneyo. Amene amati sayansi si ya akazi akanayamba awerenga dzina limene lili pa chikuto cha bukulo.

Tsono nyanja ikaphwa, kapena nsomba zikachepa, ogula amachuluka kuposa nsomba. Apa ndi pamene panamera mchitidwe umene ndiyenera kuutchula, ndipo makolo amene mukumvera pamodzi ndi ana mundikhululukire. Msodzi wina amauza mai wogula kuti ndalama zokha sizikwanira. Kuti akafuna kukhala woyamba pa bwato, kapena kutenga nsomba pa ngongole, ayenera kugona naye. Ofufuza aupeza mchitidwe umenewu pa magombe a Chilwa, pa Nyanja ya Malawi, ngakhalenso pa Nyanja ya Victoria ku Kenya. Si asodzi onse amene amatero, ndipo ambiri amanyansidwa nazo. Komabe kwa zaka zambiri nkhaniyi inkakambidwa ngati nthabwala ya pa gombe, ndipo mlandu unkagwera mkazi. Anthu ankati ndi wachimasomaso, wadzifunira yekha.

Ine ndikukana kuti wadzifunira yekha. Taganizani za mai amene wabwereka mpamba, walipira njinga kuchokera kumudzi, wagona pa gombe masiku atatu dengu lili lopanda kanthu, kunyumba wasiya ana ndi ufa wa tsiku limodzi. Munthu wotere akavomera, wavomera ndi pakamwa pokha. Njala ndiyo yamuyankhira. Ndipo pamene mkazi wazolowereka ngati chinthu chopereka pa malonda, kugwiririra kwenikweni sikukhala patali, makamaka kwa atsikana amene amatumidwa ku gombe kukagulitsa zitumbuwa ndi nkhuni. Matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, anapeza njira yolambula kale m'malo oterewa, ndipo maliro ake anafika mpaka m'midzi ya akazi a asodzi amene sanapondeko ku gombe.

Kusintha kumene ndikufuna tikuone kunabwera ndi chida chooneka chachabechabe. M'chaka cha 2010 panayamba ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, imene inayendetsedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College ku Zomba, pamodzi ndi a WorldFish ndi a kafukufuku wa nkhalango, ndi thandizo la dziko la Norway. Mwa zina, anakhazikitsa magulu a amai okonza nsomba pa Kachulu m'boma la Zomba ndi pa Swang'oma, nawamangira nyumba zoumitsira nsomba ndi mphamvu ya dzuwa.

Nyumbayi ndi ya mitengo, yokutidwa ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati, ndipo m'katimo muli mathandala okwezeka. Kuwala kwa dzuwa kumalowa, kutentha kumatsekeredwa, mphepo imalowa mmunsi ndi kutuluka pamwamba itatenga chinyontho. Palibe injini, palibe mafuta, palibe nkhuni. Kuti mumvetse phindu lake, kumbukirani mmene matemba ankaumira kale: pansi pa dothi kapena pa udzu, ntchentche zili ng'waa, mbalame ndi agalu akuba, mwini wake ali tcheru kuyang'ana mitambo. Mvula ikagwa mwadzidzidzi mpamba wonse unkaola tsiku limodzi, ndipo mai uja ankabwerera kwa msodzi yemweyo chimanjamanja, kukapempha ngongole. Nsomba zouma m'nyumba ya pulasitiki zimatuluka zoyera, zopanda mchenga, zimasungika nthawi yaitali, ndipo zikaikidwa m'timapaketi zimagulidwa pa mtengo wabwino m'tauni. Anawonjezaponso uvuni wowambira milamba wosadya nkhuni zambiri.

Koma kwa ine chachikulu si pulasitikiyo ai. Chachikulu ndi gulu. Amai amene kale ankapikisana pa bwato limodzi, aliyense payekha, anayamba kusonkha ndalama, kusunga m'banki m'khonde, kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma pakati pao. Mai amene wafika pa gombe ndi ndalama za gulu m'manja, anzake asanu ali pambuyo, msodzi amalankhula naye za mtengo basi. Foni za m'manja nazo zathandiza: munthu amafunsa mtengo wa ku Limbe asanakweze katundu, ndipo ndalama amazisunga mu foni m'malo mozimanga pa nsonga ya chitenje.

Tisadzinamize, komabe. Choumitsira sichigwira nsomba. Nyanja ikauma chimangokhala chopanda ntchito, pepala lake likang'ambika limafuna ndalama, ndipo magulu amene analandira ndi ochepa poyerekeza ndi amai onse a m'magombe. Mabwato ndi makoka ambiri akadali m'manja mwa amuna. M'makomiti a m'magombe, amene anayamba kuyang'anira usodzi pa Chilwa nyanja itauma mu 1995, mau a amai amamveka pang'ono, chonsecho ndi iwo amene amadziwa bwino zimene zimachitika bwato likakocheza.

Malamulo nawo anadza mochedwa, koma anadza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, pa nthawi imene Mai Joyce Banda, amene mu 2012 anakhala mtsogoleri woyamba wamkazi wa dziko lino, anali atalimenyera nkhondo ali nduna yoona za amai. Mu 2013 kunabwera lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, limene limaletsanso kuvutitsa munthu pomufuna chigololo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Ndipo mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu linalamula boma kulipira amai ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nako m'boma la Lilongwe, amene anadandaula kuti apolisi anawagwiririra ndi kuwachita nkhanza mu Okutobala 2019. Mlanduwo anauyendetsa ndi maloya achizimai. Kwa mai wa pa Swang'oma, chigamulo chimenecho chikutanthauza kuti ngati wovala yunifolomu angafunsidwe, mwini bwato sangathawe.

M'mizinda ana aakazi akugwira zida zimene agogo ao sanazilote. Mai Rachel Sibande anakhazikitsa mHub ku Lilongwe, malo oyamba a mtundu wake m'dziko muno, kumene atsikana amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Pulofesa Address Malata anasankhidwa mu 2016 kutsogolera yunivesite ya sayansi ndi luso ya ku Thyolo, ulendo wa maola ochepa kuchokera ku Phalombe. Mtsikana wa ku Chilwa angafike kumeneko pokhapokha atatsala m'kalasi, ndipo nthawi zambiri amatsala m'kalasi chifukwa mai wake wagulitsa matemba osaola.

Kwa inu amene mukumvera muli pa gombe, kapena muli ndi mbale kumeneko: munthu amene wagwiriridwa afike ku chipatala asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka Edzi amagwira ntchito m'nthawi imeneyo yokha. Asadikire kuti abale akambirane kaye za mbuzi ya chipepeso. Ku polisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, m'zipatala zina muli malo a Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pa khomo limodzi, ndipo nkhani yokhudza mwana ingathe kunenedwa poimba foni pa 116, osalipira.