MKUNGUDZA, MTENGO WA PHIRI LIMODZI

Phiri lalitali lili ngati cisumbu. Pansi pake pamatentha, pamwamba pali nkhungu ndi cisanu. Mtengo wozolowera pamwamba sungamere m'cigwa kuti ufalikire ku phiri lina. Ncifukwa cake phiri lina limakhala ndi mtengo wakewake, wosapezeka kwina kulikonse.

Tikaoloka malire pa Zóbuè ndi kupitirira Blantyre, timafika ku phiri la Mulanje m'dziko la Malawi. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Kumeneko ndiko kwao kwa mkungudza. Thabwa lake limanunkhira, ndipo ciswe sicilidya.

Anthu a m'tsinde mwa phirilo anaudziwa mtengowu kuyambira kale. M'caka ca 1891 mzungu wina, Alexander Whyte, anakwera phirilo natengako nthambi zake. Mu 1894 Alfred Rendle wa ku London anaulemba m'buku la sayansi monga mtengo watsopano, naupatsa dzina lakuti Widdringtonia whytei.

Mtengo utadziwika, macheka anatsatira. Atsamunda anaceka matabwa omangira nyumba zao. Mu 1927 phirilo linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa. Mu 1984 mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Koma odula mwakuba ndi moto wolusa sanauleke. Mu 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Dzina la m'buku silinauteteze, lamulo lokha silinauteteze. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linagwirizana ndi anthu a m'midzi. Amai ndi abambo anafesa mbeu m'manazale, nasenza mbande pamutu kukwera nazo phiri. Anabzala mbande zikwizikwi, nalambula njira zoletsa moto. Mkungudza umakula pang'onopang'ono. Obzala lero sadzaceka thabwa lake, akubzalira adzukulu.

Ifenso a ku Moatize ndi ku Zóbuè tili ndi mapiri athu. Matumba a makala tikuwaona m'mbali mwa mseu wa ku Tete, ndipo cilimwe ciri conse moto wa osaka mbewa umakwera mapiri. Mtengo wa phiri limodzi ukatha, palibenso kokapempha mbeu. Tiyeni tisamale mapiri athu.

Mafunso
1. Cifukwa ciani phiri lili ngati cisumbu?
2. Ndi mitengo iti imene makolo athu ankaiona, koma lero ikusowa?