Kudwazika

Mawu akuti kudwazika achokera ku kudwala, koma mwini wake si wodwalayo ayi. Ndi uja wosiya tulo ndi ntchito zake kuti asamale mnzake. Mwamuna amene mkazi wake wagonekedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kudikira opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, akamuphikira phala, namuchapira zovala, namulimbitsa mtima madokotala atanena kuti chiberekero chichotsedwa ndipo sadzabalanso, ameneyo ndiye wadwazika. Kuzonda n'kwina, pakuti wozonda afika ndi nthochi nabwerera dzuwa lisanalowe. M'zipatala wodwazika amamutcha gadiyani, ndipo kawirikawiri ntchitoyi timaisiyira amayi kapena achemwali a wodwala. Komatu amene analumbira pa ukwati kukhala thupi limodzi, udindowu ngwake poyamba.