Kuyeza BP ndi kuwala, popanda lamba wapamkono

Kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangokutchula kuti BP, kumayezedwa ndi lamba wopopa amene namwino amamanga pamkono. Lambayu anayambitsidwa mu 1896 ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, ndipo ndi amene zipatala za m'boma la Kasenengwa komanso chipatala chachikulu cha Chipata Central zimadalira mpaka lero.

Akatswiri tsopano akuyesa njira ina yogwiritsa ntchito kuwala. Kanyali kakang'ono, ka pa wotchi yapamkono kapena pa foni, kamawalitsa khungu, ndipo kachipangizo kena kamawerenga kuwala kumene kwabwerera. Mtima ukagunda, mitsempha imadzaza magazi n'kumeza kuwala kochuluka. Ukapumira, kuwala kobwerera kumachuluka. Kusinthasintha kumeneku kumajambula funde la magazi, ndipo maonekedwe a fundelo amasiyana malinga ndi kuuma kapena kufewa kwa mitsempha. Kompyuta imayang'ana maonekedwewo n'kuyerekezera BP. Apa mpamene pagona nkhani: chipangizochi sichiyeza mphamvu ya magazi mwachindunji, chimangoyerekezera.

N'chifukwa chake zambiri mwa zipangizozi zimayamba zalinganizidwa ndi lamba yemwe uja. Wotchi ya Samsung, imene inavomerezedwa ku South Korea mu 2020, imafuna kuilinganizanso pakatha masabata anayi alionse. Pulogalamu ya pa foni ya OptiBP, yochokera ku Switzerland, imafuna kuti munthu aike chala pa kamera. Inayesedwa ku Tanzania, South Africa ndi Bangladesh, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2023. Kuyesa pa anthu a mu Africa n'kofunika, pakuti khungu lakuda limameza kuwala kochuluka, makamaka kobiriwira kumene mawotchi ambiri amagwiritsa ntchito. Chala chozizira ndiponso kugwedeza dzanja zimasokonezanso.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'dziko la Zambia ali ndi BP yokwera. Nthendayi kawirikawiri sipweteka paliponse, kufikira tsiku limene munthu wafa ziwalo kapena impso zaonongeka. Ku Kasenengwa, kumene kunakhala boma palokha mu 2018, anthu ambiri ndi alimi a m'midzi, ndipo mlimi amene sakumva kupweteka sangasiye munda kukayezetsa. Foni yotha kumuchenjeza akadali kwawo ingathandize kwambiri.

Komabe mu 2022 bungwe la European Society of Hypertension linanena kuti zipangizo zopanda lamba zisagwiritsidwe ntchito pogamula kuti munthu akudwala, kapena posintha mankhwala ake. Munthu amene wotchi yake yaonetsa 140/90 kapena kuposerapo, makamaka mayi woyembekezera, ayenera kupita kuchipatala kuti namwino akamuyeze ndi lamba, atakhala pansi n'kupuma kwa mphindi zisanu.