Sukulu zathu ndi maiko akutali: tinacokera kuti?

Makolo ambiri amafunsa kuti: kodi mwana aziphunzira ciyani kusukulu, za kwathu kuno kapena za maiko akutali? Funso limeneli si la lero ai. Tiyeni tibwerere m'mbuyo, tione mmene sukulu za ku Niassa ndi ku Tete zinayendera.

Sukulu zoyamba za m'mbali mwa nyanja zinabwera ndi amishoni a Anglican m'zaka za m'ma 1880. Mzungu wodziwika anali William Percival Johnson, koma amene ankaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku anali aphunzitsi akuda ocokera ku Zanzibar, ambiri a iwo oomboledwa ku ukapolo. Mmodzi anali Augustine Ambali, wa mtundu wa Azaramo, amene anakhala zaka zambiri ku Messumba. Tangoganizani: mwana wa msodzi wa usipa, mphunzitsi wake wolankhula Ciswahili, wansembe wa ku England, phunziro nkumacitika m'Cinyanja! Kuyambira 1901 sitima ya Chauncy Maples inkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, itanyamula aphunzitsi ndi mabuku. Ku Unangu, wansembe Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao m'Ciyao, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1919. Iye anatenga nzeru yakunja, ya kulemba, nasunga nayo mbiri ya makolo ace.

Boma la Apwitikizi litalimba, zinthu zinasintha. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vaticano, ndi lamulo la amishoni la 1941, zinapereka sukulu za ana akuda m'manja mwa mamishoni a Katolika, kuti ana aziphunzira m'Cipwitikizi. Zilankhulo zathu zinkaloledwa pa katekisimu pokha. Akuluakulu amakumbukirabe mmene ankalowezera mitsinje ya Tejo ndi Douro, pamene Zambezi ndi Lugenda zili pakhomo pompano. Wolankhula Cinyanja m'kalasi ankakumana ndi palmatória. Mwana ankaona dziko limodzi lokha, la atsamunda, ndipo la kwao ankacita nalo manyazi.

Ufulu utabwera mu 1975, Cipwitikizi cinasankhidwa kukhala cilankhulo cogwirizanitsa mitundu yonse ya Moçambique, ndipo khomo la maiko ena linatseguka. Kuyambira 1977 ana ambiri anapita kukaphunzira ku Cuba, pa cilumba ca Isla de la Juventud. Mu 1982 ana pafupifupi 900 anatumizidwa ku Stassfurt, m'dziko la Germany wa kum'mawa, nabwerako mu 1988 akulankhula Cijeremani. Nkhondo nayo, ngakhale inali yowawa, inasakaniza anthu. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, kumene ana ena anazolowera Cingelezi ndi kuwerenga Cicewa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anawo anabwerera ndi zilankhulo ziwiri kapena zitatu m'kamwa.

Apa ndipo aphunzitsi anayamba kufunsa: nanga bwanji osayambira pa cilankhulo cimene mwana anayamwira? Kuyambira 1993 mpaka 1997 anayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri, ochedwa PEBIMO: Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Tete, Cicangana ndi Cipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 njira imeneyi inayamba kufalikira m'zigawo zina. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2004 inapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya kusukulu kuti ana aziphunzira za m'dera lao: ulimi, usodzi, magule, mbiri ya mafumu.

Tiphunzirepo ciyani, abale? Nthawi imene sukulu inatseka pakamwa pa mwana, dziko lace linacepa. Nthawi imene inalandira za kunja ndi za kumudzi pamodzi, mwanayo anakula. Pakati pathu alipo agogo odziwa mbiri ya mudzi, alipo amene anaona Cuba, alipo anakumba migodi ku Joni, alipo anakulira kumisasa ya ku Malawi. Inu aphunzitsi, aitaneni m'kalasi, ana awafunse mafunso ndi kulemba zimene amva. Akuluakulu amenewa sadzakhala nafe mpaka kale, ndipo zimene sizinalembedwe zidzapita nao kumanda.